Tizirombo Toyamwa Madzi a Mbeu m'Minda ya Tiyi ndi m'Midzi ya ku Thyolo

Mau amene anakamba a Mlangizi wa Zamalimidwe pa msonkhano wa pachaka wa Bungwe

Atatha a Msungichuma kuwerenga za ndalama, a Pampando anaitana mlendo wa tsikulo, ndiwo a Mlangizi wa Zamalimidwe, kuti alankhule ndi mamembala. Anati Komiti inasankha nkhani imeneyi chifukwa mamembala ambiri ndi anchito a m'minda ya tiyi, ena ali ndi timinda tao-tao ta tiyi, ndipo pafupifupi onse amadalira nthochi, nandolo, chinangwa ndi ndiwo za kudimba kuti adyetse mabanja ao. A Mlangizi anaimirira nathokoza mafumu, akuluakulu a Bungwe, amai ndi abambo onse, ndipo anayamba kunena.

Adani a mitundu iwiri

Iwo anati adani a mlimi ali a mitundu iwiri. Alipo amene amatafuna, monga dzombe, ntchemberezandonda ndi mbozi za m'phesi la chimanga. Amenewa ntchito yao ioneka poyera, pakuti tsamba likhala lobooka ndi lodyeka, ndipo ngakhale mwana wamng'ono akhoza kuloza wakubayo. Koma alipo ena amene alibe mano. M'malo mwa mano ali ndi mlomo wosongoka wonga singano, wamphako m'kati mwake. Amabaya tsamba, nsonga, kapena chipatso chanthete, namayamwa madzi amene mbeu yadzikonzera kuti ikule nao. Tsamba silibooka, ndipo mwini munda amapita pambali osadziwa kanthu, kufikira tsiku limene aona mbeu yake itapinimbira. Amenewa ndiwo anali mutu wa mau ao.

Anafotokoza kuti tizirombo totere timapweteka mbeu m'njira zinai. Yoyamba, timaichotsera chakudya, kotero kuti masamba apindika, nsonga zileka kukula. Yachiwiri, tina tiri ndi malovu aululu, ndipo pamene tabaya pafa. Yachitatu, ndiyo yoopsa koposa zonse, tina timatenga nthenda ku mbeu yodwala ndi kukaithira m'mbeu yamoyo, monga momwe udzudzu uchitira ndi malungo pakati pa anthu. Yachinai, nsabwe za zomera ndi abale ake zimatulutsa timadzi tozuna timene timagwera pa masamba. Pa timadzito pamamera nkhungu yakuda yonga mwaye, imene itchinga dzuwa kuti lisafike pa tsamba. Nyerere zimakonda timadzi timeneti, chotero zimaweta nsabwezo monga munthu aweta ng'ombe za mkaka, ndi kuthamangitsa adani ake. Chifukwa chake, iwo anati, mlimi akaona nyerere ziri piringupiringu pa mtengo wa lalanje kapena pa phata la nthochi, ayenera kutembenuza masamba ndi kuyang'ana kunsi kwake.

Za kuswana kwa nsabwe, anati ndi chinthu chodabwitsa. M'maiko otentha nsabwe yaikazi siifuna yaimuna, ndiponso siikira mazira. Imabala ana amoyo, ndipo anawo pakutha pa sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono nawonso ayamba kubala. Zikachuluka ndi kupanikizana pa nsonga imodzi, zimabadwa zina zamapiko, zimene mphepo izinyamula kunka nazo ku munda wina.

Kaudzudzu ka tiyi

Pofika pa tiyi, a Mlangizi anakumbutsa mamembala kuti mbeu yoyamba ya Azungu m'mapiri muno inali khofi, amene anagwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 chifukwa cha kutsika kwa mitengo, chilala, nthenda ndi tizirombo. Tiyi anabzalidwa ku Mulanje ndi Henry Brown mu 1891, nafika ku Thyolo mu 1908, ndipo minda ina inatsegulidwa pambuyo pake, monga Satemwa amene anayambidwa ndi Maclean Kay mu 1923. Tiyi ndi mlendo wochokera ku Asia, koma tizirombo tambiri timene timamudya kuno si alendo ai. Tinali m'tchire ndi m'nkhalango kale lomwe, ndipo pamene maekala zikwizikwi anadzala ndi mtengo wa mtundu umodzi wophuka nsonga zanthete miyezi yambiri ya chaka, tinapeza nkhokwe yosatha.

Mdani wamkulu wa tiyi mwa oyamwa onse, anati, ndi kachirombo kamene dzina lake la m'mabuku ndi Helopeltis, ndipo anthu a m'minda amakayerekeza ndi udzudzu chifukwa cha miyendo yake yaitali ndi thupi lake loonda. Koma si udzudzu, ndipo sikaluma munthu. Kutalika kwake sikufika theka la inchi. Kali kofiirira ndi kakuda, nyanga zake n'zazitali koposa thupi, ndipo pamsana pake pali kanthu koimirira konga phini wokhala ndi kamutu. Ndicho chizindikiro chake chosasokoneza. Kamadana ndi dzuwa. Usana kamabisala m'kati mwa chitsamba, ndipo kamatuluka kudya m'mamawa, madzulo, ndi masiku a mitambo.

Malovu ake ndi aululu. Pamene kabaya paoneka kadontho konga konyowa, ndipo pakapita maola ochepa kadonthoko kasanduka kofiirira, kenaka kakuda. Kachirombo kamodzi kakhoza kubaya malo ambirimbiri tsiku limodzi, kotero kuti tsamba lanthete lipindika ndi kuuma, ndipo munda wogwidwa kolimba uoneka ngati wawauka ndi moto. Kakabaya kamtengo kanthete pakhala chironda. Mu 1933 akatswiri awiri a boma la Nyasaland, R. Leach ndi Colin Smee, anaonetsa kuti zironda zotupa za pa nthambi za tiyi, zimene anthu anaziyesa nthenda, zinali kuyamba ndi kubaya kwa kachirombo kameneka.

Apa a Mlangizi anatembenukira kwa othyola tiyi. Anati fakitale ifuna masamba awiri ndi nsonga, ndipo kachiromboko kafuna masamba awiri omwewo ndi nsonga yomweyo. Chotero iko ndi wothyola akulimbirana mbale imodzi. Munda ukadyedwa dengu lichedwa kudzala, pa sikelo pachepa, ndipo kwa mlimi wa munda waung'ono masamba amadontho akhoza kukanidwa. Koma wothyola yemweyo ndiye msilikali woyamba. Kachiromboka kamaikira mazira ake m'kati mwa kamtengo kanthete ka nsonga. Nsonga ikathyoledwa nthawi yake, mazira apita nayo pamodzi. Ndicho chifukwa chake kuthyola kosadumphitsa masiku, ndi kuchotsa nsonga zonse zodyedwa m'malo mozisiya pa mtengo, kuchepetsa mtundu wake koposa momwe ambiri aganizira. Anapempha akapitao kuti azimvera wothyola akanena kuti waona madontho, pakuti kaudzudzuka kamayambira pa kachigawo kakang'ono, makamaka pa mthunzi ndi m'mphepete mwa nkhalango kapena mwa mtsinje, ndipo n'kwapafupi kukagonjetsa kasanafalikire.

Adani a m'chilimwe

Anapitiriza kunena kuti kaudzudzu kamakonda chinyezi, koma chilimwe nachonso chiri ndi adani ake. M'miyezi yotentha mvula isanagwe, kuyambira Seputembala kufikira mvula yoyamba, mumabuka tizirombo tating'onoting'ono tachikasu totchedwa mathiripisi, tovuta kutiona ndi maso. Timalowa m'nsonga isanafutukuke ndi kukanda tsamba n'kumayamwa. Tsambalo likafutukuka lioneka ndi mizere iwiri yofiirira, wina mbali iyi wina mbali iyo ya mtsempha wapakati, ndipo likhala laling'ono ndi lokhakhala. Tiyi amene avutika kwambiri ndi amene wadulidwa ndipo akuphukira kumene m'nyengo yotenthayo. Chotero nthawi yodulira tiyi si nkhani ya mwambo chabe, ndipo alimi a minda yaing'ono afunse alangizi asanatenge chikwanje.

M'nyengo yomweyo mumabukanso kangaude wofiira. Anati kunena zoona ameneyu ndi mbale wa akangaude, pakuti ali ndi miyendo 8 pamene tizirombo tina tiri nayo 6, koma kadyedwe kake n'koyamwanso. Amakhala pamwamba pa masamba okhwima nawasandutsa ofiirira ngati mkuwa, makamaka m'mbali mwa miseu ya fumbi ndi pa tiyi wanjala. Mvula yamphamvu imamkokolola. Ziriponso nsabwe zakuda zimene zimaunjikana pa nsonga za tiyi wa ku nazale ndi wongodulidwa. Nsabwe zomwezo zimadya malalanje, mandimu ndi manachesi a pakhomo.

Koma anachenjeza kuti si tsamba lachikasu liri lonse limene ladyedwa ndi kachirombo. Kale tiyi wa dziko lino anali kufa ndi nthenda ya chikasu, masamba nachepa, nthambi n'kuuma. Mu 1933 H. H. Storey ndi R. Leach anapeza kuti panalibe kachirombo kapena nthenda yopatsirana, koma kuti nthaka inali yosowa salufa; ndipo atathira feteleza wokhala ndi salufa tiyi anachira. Phunziro lake ndi lakuti munthu adziwe chimene chavuta asanagule mankhwala. Kafukufuku wa tiyi akuchitikabe ku Mimosa m'boma la Mulanje, kumene kuli bungwe la Tea Research Foundation of Central Africa, limene linakhazikitsidwa mu 1966.

Kachirombo sikadziwa malire

A Mlangizi anati m'boma lino malire a esiteti ndi mudzi ndi nkhani yakale ndi yowawa, koma kachirombo sikawadziwa. Kaudzudzu ka tiyi kamadyanso gwafa, mango, mapeyala, nsatsi, thonje ndi mtengo wa kashu. Madontho akuda okhakhala amene amai amawaona pa magwafa ndi mapeyala anthete kawirikawiri ndi ntchito yake. Motero kakhoza kuchoka m'tiyi kunka kumudzi, ndi kuchoka kumudzi kubwerera m'tiyi. Chimodzimodzi anunkhadala: m'maesiteti amabaya mtedza wa makadamiya ukali wanthete, nauononga m'kati chikhokhombe chiri chabwino, ndipo m'midzi iwo ndi abale ao amayamwa makoko a nandolo, khobwe ndi nyemba, kotero kuti mai posenda apeza njere zofwapa. Njira ya makolo yowagwedezera m'chidebe cha madzi m'mamawa, kukali kozizira asanayambe kuuluka, anati ikali yothandiza pa munda waung'ono.

Za kudimba anati alimi a ku Goliati ndi ku Bvumbwe adziwa bwino nsabwe zotuwa za kabichi, repu ndi mpiru, zimene zichuluka m'chilimwe, ndi timagulugufe toyera tating'ono timene timabuka ngati phulusa munthu akagwedeza tomato. Zitsa za kabichi ndi repu zotsala m'dimba mutatha kukolola ndizo nyumba zimene nsabwe zidikiriramo mbeu yatsopano, ziyenera kuzulidwa.

Anatchulanso nthenda zitatu zotengedwa ndi oyamwa, ndipo zonsezo anathandiza kuziulula ndi Storey yemwe uja. Nthenda ya mizere yoyera pa masamba a chimanga imabwera ndi kachirombo kodumpha kokhala m'udzu, ndipo igwira kwambiri chimanga chobzalidwa mochedwa. Khate la mtedza, limene ena alitcha kadukutu, limabwera ndi nsabwe zakuda zimene zimadyanso khobwe; nsabwezo zimakonda kutera pamene mtedza uli patalipatali ndipo dothi likuonekera, chotero kubzala ndi mvula yoyamba ndi kubzala mothithikana ndiko kuliteteza, pamodzi ndi mbeu zopirira monga Nsinjiro, imene inatulutsidwa mu 2000. Khate la chinangwa limabwera ndi timagulugufe toyera tija, koma limayenda koposa ndi manja a anthu, pamene munthu adula mbeu ku chinangwa chodwala.

Chisaka cha nthochi

Apa a Mlangizi anati afika pa nkhani imene yawawa Thyolo koposa zonse. Panalibe wosowa kumkumbutsa kuti kale magalimoto anali kutuluka ku Thekerani, ku Molere ndi ku Masambanjati atadzaza mikoko ya nthochi kunka ku Limbe, ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndi kuti ana ambiri a boma lino anaphunzira sukulu ndi ndalama za nthochi. Nthochi inali kubala chaka chonse, m'zigwa ndi m'matsitso momwe chimanga sichichita bwino, ndipo mitsitsi yake inagwira nthaka. Chimene chinagwetsa chuma chimenechi ndi nsabwe yakuda yosaposa njere ya mawere.

Nthenda ya chisaka inaoneka koyamba m'Malawi mu 1994 m'boma la Nkhotakota, ndipo inafalikira ku Nkhata Bay, ku Mulanje ndi ku Thyolo, kufikira dziko limene linali kudzidalira linayamba kugula nthochi ku Tanzania ndi ku Mozambique. Mitundu imene inali ya malonda, monga Kabuthu ndi Williams, ndiyo inagwa msanga. Zizindikiro zake anazifotokoza motere: pa mtsempha wa tsamba ndi pa phesi lake pamaoneka timizere todukaduka tobiriwira kwambiri, tooneka bwino munthu akayang'anitsa tsambalo padzuwa, masamba atsopano atuluka aafupi, oonda, achikasu m'mphepete, oimirira chiriri, naunjikana pamwamba ngati tsache. Nthochi yogwidwa ikali yaing'ono siibala konse. Yogwidwa itakula ibala kamkoko kopotoka.

Anati mwini nthendayo ndi kachirombo kosaoneka ndi maso, kamene akatswiri akatcha vairasi, kokhala m'madzi a nthochi. Sikakhala m'dothi, ndipo sikayenda pa khasu kapena pa chikwanje. Njira zake ndi ziwiri zokha. Yoyamba ndi nsabwe ya nthochi, imene imabisala m'makwawa a thunthu, m'tsamba losafutukuka ndi pa ana a nthochi pafupi ndi dothi. Ikayamwa nthochi yodwala isunga nthendayo moyo wake wonse. Yachiwiri ndi munthu amene akumba mwana wa nthochi pa phata lodwala nakabzala kwina. Mwanayo akhoza kuoneka wabwino tsiku lokumbidwa, pakuti zizindikiro zimachedwa masabata angapo, koma phata likagwidwa ana ake onse agwidwa. Nsabwe iuluka pafupi. Munthu wa njinga ndi wa galimoto ndiye apititsa nthenda kutali.

Mankhwala ochiza chisaka kulibe, ndipo feteleza kapena manyowa sangachichotse. Kudula thunthu lokha n'kutaya mphamvu, chifukwa chitsa chiphukanso ndi nthenda yomweyo. Chofunika ndi kuyamba kupha nsabwe pa phatalo ndi madzi a sopo kapena mankhwala oyenera, kuti zisabalalike pogwetsa. Kenaka kukumba phata lonse ndi chitsa chake, kuliduladula, ndi kulikwirira kapena kuliumitsa. Ndi kubwerako kawirikawiri kudzachotsa chiri chonse chophukira. Pambuyo pake munda upume miyezi ingapo wopanda nthochi, ndipo mbeu yatsopano ichokere kumalo odziwika, monga ku malo a kafukufuku a ku Bvumbwe kapena ku nazale zimene alangizi azivomereza.

Iwo anati adziwa kuti mau awa ndi olimba. Kuuza nkhalamba kuti izule nthochi zimene inabzala ndi malemu mwamuna wake, zimene zikali kuponya kamkoko kamodzikamodzi, si chinthu chopepuka. Ndipo pa miyezi yodikira, ndi chaka china chodikira mkoko woyamba, banja lidya chiani? Koma phata limodzi lodwala lotsala pakati pa mudzi likwanira kubwezera nthenda m'minda ya onse amene anamvera. Anapereka chitsanzo cha ku Australia, kumene chisaka chinagwetsa ulimi wa nthochi m'zaka za m'ma 1920. Kumeneko katswiri wina, C. J. P. Magee, anatsimikiza mu 1927 kuti nsabwe ndiyo itenga nthendayo. Boma linaika malamulo a kuzula nthochi zodwala ndi kuletsa kuyenda ndi mbeu popanda chilolezo, linaika oyendera minda, ndipo ulimiwo unadzukanso. Nthendayo siinathe psiti, koma inagwidwa pakhosi. Anati chimene chinapambana kumeneko sichinali mankhwala, koma kuchitira pamodzi. Ndipo akulu akale ananena kale kuti mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako.

Abwenzi a mlimi

Kuti mamembala asataye mtima, a Mlangizi anasimba za kodikodi wa chinangwa. Kachirombo koyera konga ufa kameneka kanachokera ku South America, kanaoneka ku Congo mu 1973, ndipo kanafika m'boma la Nkhata Bay mu 1985. Nsonga za chinangwa zinafwanyana, mitengo inafupika, ndipo anthu a m'mphepete mwa nyanja amene chakudya chao ndi kondoole anaona njala. Kanachuluka chotero chifukwa kanabwera kokha, kusiya adani ake kwao. Akatswiri anapita kukafunafuna kwao kwa kodikodi, nakampeza ku Paraguay, pamodzi ndi kamavu kakang'ono koposa nyerere kamene kamaikira dzira lake m'thupi mwake. Bungwe la IITA la ku Nigeria linaweta timavuto ndi kutimwaza m'maiko ambiri a Africa kuyambira mu 1981, ndipo Malawi analandira nao. Pakupita kwa zaka kodikodi anachepa mphamvu, mlimi osalipira kanthu. Hans Herren, amene anatsogolera ntchitoyo, analandira mphotho ya World Food Prize mu 1995.

Momwemonso nsabwe ya mitengo ya mkungudza, imene m'Africa monse inaoneka koyamba m'Malawi mu 1986 niumitsa mipanda ya saipulesi ndi kugwira mkungudza wa pa phiri la Mulanje, inaitaniridwa kamavu kake kochokera ku Ulaya m'zaka za m'ma 1990.

Anati abwenzi otere ali m'munda uli wonse: tizikumbu tozungulira tofiira ta madontho akuda pamodzi ndi ana ake, timphutsi ta ntchentche zina zonga njuchi, akangaude a ukonde, ndi timavu tosaoneka bwino. Nsabwe youma, yotupa, yofiirira, yokhala ndi kabowo pamsana, ndi mtembo wa nsabwe imene kamavu katulukamo. Mlimi akaziona zambiri zotere adziwe kuti nkhondo ikumenyedwa kale m'malo mwake.

Za mankhwala

Pa mankhwala anati m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 anthu anayesa DDT mpulumutsi, koma kunaoneka kuti amapha abwenzi pamodzi ndi adani, ndipo kawirikawiri kangaude wofiira anachuluka koposa m'minda yopoperedwa. Anali kukhalitsanso m'nthaka, m'madzi ndi m'thupi. Pangano la maiko la ku Stockholm la 2001 linamletsa pa ulimi, ndipo endosulfan anaonjezedwa pa oletsedwa mu 2011. M'Malawi lamulo la mankhwala ophera tizirombo la 2000 linakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board, limene livomereza mankhwala ololedwa kugulitsidwa. Tiyi wa kuno agulitsidwa pa msika wa ku Limbe ndi kwa ogula a maiko akutali, amene amayeza zotsalira za mankhwala m'masamba. Chotero mlimi mmodzi wopopera mankhwala osaloledwa, kapena wothyola masiku oikika asanakwane, akhoza kuipitsa tiyi wa anzake onse amene masamba ao asanganizidwa ndi ake ku fakitale.

Anachenjeza za mankhwala ogulidwa pa msika m'timabotolo topanda chizindikiro. Wopopera avale zotchinga thupi, manja, mphuno ndi maso, asapopere moyang'anana ndi mphepo, asadye kapena kusuta ali pa ntchito, asambe akatha, ndipo botolo lotha lisasanduke la mchere kapena la mafuta ophikira. Pa dimba laling'ono madzi a sopo, masamba a nimu kapena a mthuthu osinja ndi kuviika usiku wonse akwanira kuchepetsa nsabwe, malinga apoperedwe kunsi kwa masamba madzulo. Koma mthuthu upha nsomba, chotero ziwiya zake zisatsukidwe mu mtsinje.

Mafunso a mamembala

Bambo wina wothyola tiyi anafunsa ngati mitengo ya gwafa ndi mapeyala ya m'midzi yoyandikana ndi tiyi iyenera kudulidwa. A Mlangizi anayankha kuti iai. Zipatsozo ndi chakudya ndi ndalama, ndipo kachiromboko kali ndi zomera zina zambiri m'tchire. Chofunika ndi kuitengulira kuti dzuwa ndi mphepo zilowe.

Mai wina wa ku Thekerani anafunsa chimene angachite munthu amene anazula nthochi zake, koma mnansi wake akana kuzula zake. Anayankha kuti nkhani yotere isayambe ndi mkangano wa anthu awiri, koma ipite kwa a Nyakwawa, kuti mudzi wonse upangane tsiku limodzi. Ndi kuti wokanayo kawirikawiri sakana chifukwa cha mwano, koma chifukwa cha mantha a njala kapena kusowa mphamvu zokumbira. Wotere afunika kumthandiza makasu ndi kumlonjeza mbeu.

Mphunzitsi wina anafunsa ngati nthochi ya pa phata lodwala ipweteka woidya. Anayankha kuti nthendayo ndi ya nthochi yokha, siigwira munthu kapena chiweto.

Zimene msonkhano unagwirizana

Atatha mafunso, msonkhano unagwirizana mfundo izi. Choyamba, kuti membala ali yense ayendere nthochi zake kamodzi pa sabata, ndi kuzula phata lodwala tsiku lomwe alizindikira. Chachiwiri, kuti pasakhale membala wogula, wogulitsa kapena wopatsa mnzake ana a nthochi osadziwika kumene achokera. Chachitatu, kuti nthambi iri yonse ya Bungwe isankhe anyamata othandiza okalamba, amasiye ndi odwala pa ntchito yokumba zitsa, ndi kuti Komiti ione ngati thumba la Bungwe lingawagulire mbeu ya mbatata ndi nandolo ya pa nyengo yodikira. Chachinai, kuti a Mlembi alembere mafumu kupempha masiku a mudzi wonse, ndiponso alembere oyang'anira minda ya tiyi kupempha kuti wopopera mankhwala ali yense apatsidwe zovala zokwanira ndi malo osambira.

A Pampando anathokoza a Mlangizi m'dzina la mamembala onse, nati nthambi iri yonse idzapereka lipoti la ntchito imeneyi pa msonkhano wa Komiti wotsatira, kutchula midzi imene yazula ndi mabanja amene athandizidwa. Pomwepo msonkhano unalowa pa chisankho cha akuluakulu a chaka chatsopano.